Karsh, Avedon, Penn, Newman Kapena Keïta: Mutsanzire Ndani Pojambula Nkhope za Anthu?

Aliyense amene wakhala ndi kamera kwa kanthawi amafika pa tsiku loti waona chithunzi cha katswiri wina, n'kunena chamumtima kuti, "Zoterezi nanenso ndikufuna." Si zochititsa manyazi ayi. Luso la manja limayamba kulowa kudzera m'maso, ndipo akatswiri amene ndiwatchule munowa nawonso anali ndi omwe ankawaonera. Chimene chimandipweteka n'choti ambiri amangotengera zooneka pamwamba. Amachotsa mitundu kuti chithunzi chikhale chakuda ndi choyera, amawonjezera contrast (kusiyana kwa powala ndi pamdima) m'mapulogalamu okonzera zithunzi monga Lightroom kapena Snapseed, basi ati ajambula ngati katswiri wa ku Canada Yousuf Karsh. Chikhalirecho ntchito yaikulu ya Karsh inkatha chala chisanafike n'komwe pa batani.

Mukaona chithunzi chimene chakugwirani mtima, dzifunseni kuti kuwala kwachokera kuti, kamera yaima patali bwanji, kumbuyo kwa munthuyo kuli chiyani. Kenako dzifunseni funso limene ambiri amaliiwala: kodi wojambulayu anamuchita chiyani munthuyu kuti nkhope yake ikhale mmene yakhaliramu? Apa ndi pamene njira za akatswiriwa zimasiyanirana kwambiri. Ena mwa iwo ankagwirira ntchito munthu amene wakhala patsogolo pa kamera. Ena ankagwirira ntchito magazini, kapena maganizo awoawo, ndipo wojambulidwayo kukondwa kapena kusakondwa sinali nkhani yawo. Ngati ndalama mumalandira kuchokera m'manja mwa munthu yemwe mukumujambulayo, kusiyana kumeneku kukukhudza chakudya chanu, choncho musasankhe njira chifukwa chongoti yakongola pa Instagram.

Yousuf Karsh: nyali ndi ulemu

Karsh anali wa mtundu wa Armenia, anafika ku Canada ali mnyamata, ndipo situdiyo yake inali ku Ottawa. Chithunzi chimene chinamutchukitsa anachijambula pa 30 Disembala 1941, nduna yaikulu ya Britain Winston Churchill atangomaliza kulankhula ku Nyumba ya Malamulo ya Canada. Anapatsidwa mphindi zochepa chabe. Churchill anakana kusiya ndudu yake yaikulu ija, ndipo Karsh anangoyandikira n'kuizula pakamwa pake. Tsinya limene dziko lonse linaliwerenga ngati kulimba mtima kwa mtsogoleri wa nthawi ya nkhondo linali mkwiyo wa munthu wolandidwa fodya. Amene muli ku Britain, nkhope imeneyi mukuyenda nayo m'thumba, pakuti ndi yomwe ili pa ndalama ya £5 imene inatuluka mu 2016.

Kaunikidwe kake anakaphunzira poonerera masewero a zisudzo ku Ottawa, kumene anaona mmene nyali zimaumbira munthu pakati pa mdima. Ankagwiritsa ntchito nyali zoyaka mosalekeza, osati fulashi, moti mthunzi uliwonse ankauona ndi maso asanajambule. Nyali yaikulu imakhala cham'mbali ndi chapamwamba pang'ono, ina imakhala kumbuyo kwa munthu kuti ijambule kamzere kowala patsitsi, patsaya ndi paphewa, ndipo manja ankawasamala ngati nkhope yachiwiri.

Kuti mutsanzire, mukufunika chipinda chimene mungachidetse, nsalu yakuda kumbuyo, ndi nyali ziwiri. Nyali za LED zotchaja zikukwanira, ndipo zimakupulumutsani magetsi akazima ntchito ili mkati. Yambani ndi nyali imodzi yokha. Iyendetseni pang'onopang'ono mozungulira munthuyo mukuyang'ana mthunzi wa mphuno, kufikira mutaona kuti tsaya lakutali ndi nyali latsala ndi kadera kakang'ono kowala m'munsi mwa diso. Mukatero ndiye muyatse yachiwiri. Kumbukiraninso kuti mukasuntha nyali kuti mtunda uwirikize kawiri, kuwala kofika pankhope kumatsala gawo limodzi mwa magawo anayi, choncho phazi limodzi lokha limasintha zambiri.

Pakhungu lakuda pali zofunika kusintha, ndipo maphunziro ambiri a pa YouTube sanena zimenezi. Khungu lathu limaonetsa maumbidwe a nkhope kudzera m'kunyezimira, osati m'mithunzi yokha. Nyali yaing'ono yolimba imasiya timadontho towala kwambiri pamphumi ndi pansonga ya mphuno, kwina konse kuli bii. Ikani nsalu yoyera yopyapyala patsogolo pa nyali yaikulu kuti kuwalako kutambasuke, mupatseni munthuyo kansalu apukute thukuta, ndipo nyali yakumbuyo ija musaione ngati yongokometsera. Popanda iyo, bambo wovala suti yakuda, watsitsi lakuda, woima patsogolo pa nsalu yakuda amasungunukira mumdima n'kutsala maso ndi kolala ya malaya.

Njira iyi imawayenera agogo, mafumu, abusa, aphunzitsi opuma ntchito, aliyense amene banja likufuna kumupachika pakhoma kuti zidzukulu zidzamudziwe. Vuto lake ndi lakuti imasandutsa aliyense ngwazi, ngakhale munthu amene moyo wake wonse ndi nthabwala ndi kuseka. Imatulutsanso kakwinya kalikonse, ndipo si makasitomala onse amene angakuthokozeni pa zimenezo. Kwa ana musavutike nayo.

Richard Avedon: pepala loyera lopanda pobisala

Njira iyi ndi imene imanyenga anthu kwambiri, chifukwa imaoneka yosafuna kanthu. Kuyambira 1979 mpaka 1984, Avedon anayendayenda m'madera a kumadzulo kwa America atatumidwa ndi Amon Carter Museum ya ku Fort Worth, ku Texas. Anajambula anthu 752: ogwira ntchito m'migodi, opha ng'ombe, operekera zakudya, oyendayenda opanda kwawo. Ankamata pepala lalikulu loyera pakhoma la nyumba kapena pambali pa galimoto, kumbali imene kuli mthunzi, n'kuimika munthu patsogolo pake. Panalibe nyali. Kamera inali yaikulu, ya filimu ya mainchesi 8 ndi 10, ndipo iye sankabisala kuseri kwake. Ankaima pambali pa lenzi, maso ndi maso ndi munthuyo, omuthandiza akusintha filimu.

Kumbali ya zida, mungathe kuchita zimenezi lero masana. Pezani khoma lopaka laimu kapena nsalu yoyera yokungika bwino, pamalo amene dzuwa silikufika koma thambo lili poyera. Chenjerani ndi kamera yanu: ikaona zoyera zambiri imaganiza kuti kwawala mopitirira, n'kudetsa chithunzi chonse, ndipo nkhope yakuda ndi imene imavutika koyamba. Kwezani exposure, kuchuluka kwa kuwala kolowa m'chithunzi, ndi +1, nthawi zina kufika +2, kapena pafoni gwirani pankhope n'kukokera kadzuwa kaja m'mwamba. Chepetsani bowo la lenzi kufika pa f/8 kapena f/11 kuti ulusi uliwonse wa malaya uoneke. Kuchititsa kuti kumbuyo kuoneke mwachimbuuzi kumene ambiri amakukonda masiku ano kulibe malo muno.

Chovuta si chimenecho. Mukachotsa nyumba, mitengo, mipando ndi mithunzi, chotsala ndi munthu yekha ndi zimene zikuchitika pakati pa iye ndi inu. Ngati palibe chikuchitika, mwajambula chithunzi cha pasipoti chachikulu. Avedon ankatha kukhala chete mpaka kumwetulira kwa munthu kutatopa n'kugwa, ndipo ankajambula nkhope imene yatsalayo. Anatero ndi katswiri wa mafilimu Marilyn Monroe mu 1957: atavina ndi kuseka kwa nthawi yaitali, anakhala phee maso ali pansi, ndipo chithunzi chimene anthu amachikumbukira ndi chimenecho. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekha kwa mtundu uwu kumafuna mtima wolimba umene si aliyense ali nawo.

Musaganizenso kuti zithunzizi zinkangochitika zokha. Chotchuka chija cha bambo wadazi wokutidwa ndi njuchi, cha mu 1981, chinachita kukonzedwa. Munthuyo anapezeka kudzera m'chilengezo, ndipo anamupaka fungo la mfumukazi ya njuchi kuti zimutere pathupi. Ntchitoyi itaonetsedwa mu 1985, ena anamudzudzula Avedon kuti watenga anthu osauka n'kuwaonetsa otopa ndi osweka pofuna kusangalatsa anthu olemera a m'mizinda. Kudzudzulaku ine ndimakuona kuti kuli ndi mfundo. Mukafuna kuyesa njira iyi pa ogulitsa makala, oswa miyala kapena asodzi, afotokozereni bwinobwino chimene mukuchita, aonetseni chithunzicho, ndipo akakana musiye. Kwa kasitomala wolipira, iyi si njira yoyambira nayo.

Irving Penn: zenera limodzi ndi ngodya

Mukanandifunsa kuti musankhe mphunzitsi mmodzi yekha, ndikanati Penn. Anagwira ntchito ku magazini ya Vogue kwa zaka zambirimbiri, komabe zida zimene zinamupatsa dzina ndi zimene aliyense angazipeze. Mu 1948 anaimika matabwa awiri akuluakulu mokumanitsa kuti apange ngodya yopanikiza, n'kumalowetsamo anthu otchuka monga katswiri wa nkhonya Joe Louis ndi wojambula pamanja Georgia O'Keeffe. Ngodyayo inkagwira ntchito imene mawu sangaigwire. Wina ankatsamira khoma, wina ankadzipinda, wina ankatambasula manja ngati akufuna kukankha matabwawo, ndipo aliyense ankaulula khalidwe lake osafunsidwa. Ngati mumasowa chonena munthu akakufunsani kuti "Ndiime bwanji?", ngodya ikuyankhirani.

Mu 1950 ali ku Paris anapeza chipinda chapamwamba cholowa kuwala kwa masana, n'kupachika chinsalu chakale chotayidwa cha m'nyumba ya zisudzo, chotuwa ndi chamathothomathotho. Patsogolo pa chinsalu chomwecho anajambula akazi ovala madiresi odula, komanso ophika buledi, ogulitsa nyama, osesa m'misewu ndi ozimitsa moto, aliyense atavala zogwirira ntchito, zida zake zili m'manja. Anapitiriza ntchito imeneyi ku London ndi ku New York mpaka 1951. Wogulitsa nyama anapatsidwa kuwala komweko ndi ulemu womwewo umene anapatsidwa wovala diresi. Apa ndi pamene amasiyana ndi Avedon, ngakhale onse awiri ankachotsa munthu pamalo ake. Kumbuyo kotuwa kumamufungatira munthu, pamene koyera mbee kumamuvula.

Chofunika ndi zenera lalikulu kapena khomo lotsegula, kuwala kulowe kuchokera mbali imodzi, mbali inayo ipite kumdima pang'onopang'ono. Lona yakale yotuwa kapena khoma la simenti losapaka penti zikwanira kumbuyo. Mthunzi ukachuluka, wina agwire katoni yoyera kumbali yamdimayo, ndipo muiyandikize kapena kuitalikitsa mpaka diso lachiwiri lioneke. Kuwala kotereku ndi kumene kumalikomera kwambiri khungu lakuda, chifukwa zenera lonse limanyezimira patsaya mofewa, ngati kuti munthuyo wadzola mafuta pang'ono.

Mabuku ndi mavidiyo akunja amati funani zenera loyang'ana kumpoto. Langizo limenelo ndi la anthu okhala kumpoto kwa equator, kumene dzuwa limadutsa chakummwera. Ku Johannesburg kapena ku Cape Town n'zotembenuka, zenera labwino ndi loyang'ana kummwera. Ku Lilongwe dzuwa limadutsa chakumpoto miyezi yambiri ya chaka, koma kuyambira cha mu Novembala mpaka kumayambiriro kwa Febuluwale limapendekera kummwera. Choncho musaloweze mbali. Funani zenera limene dzuwa silikulowamo pa ola limene mukujambulalo.

Pali gawo la ntchito ya Penn limene sindikulimbikitsani kutengera. M'zaka za m'ma 1960 ndi 1970 ankanyamula tenti yojambuliramo kupita nayo ku Dahomey, komwe lero ndi Benin, ku Cameroon, ku Morocco ndi ku New Guinea. Zithunzizo n'zokongola zedi, koma anthu ambiri mmenemo alibe mayina, angokhala zitsanzo za mtundu wawo zoti owerenga magazini a ku New York aziyang'ana. Tengani zenera lake, koma dzina la munthu lembani.

Arnold Newman: munthu ndi malo ake

Newman anapita mbali ina. Kwa iye malo amene munthu amagwiriramo ntchito ndi gawo la nkhope yake. Chithunzi chake cha wopeka nyimbo Igor Stravinsky cha mu 1946 chili pafupifupi chonse ndi chivundikiro chakuda cha piyano chotsegulidwa, chooneka ngati chizindikiro cha m'nyimbo zolembedwa, ndipo mwini wakeyo wakhala kangodya kam'munsi kumanzere, mutu uli padzanja. Pa negetivu panali zambiri kuposa pamenepa. Newman anachita kudula mpaka kutsala zofunika zokha, ndipo ichi chikhale chilimbikitso kwa amene anauzidwa kuti kudula chithunzi ndi ulesi.

Kwa olemba nkhani, ojambulira mabungwe ndi aliyense wofuna kuonetsa telala, kalipentala, namwino kapena mlimi wa fodya m'chigafa chake, njira yothandiza ndi iyi. Imafuna lenzi yoona patali m'mbali, monga 28mm kapena 35mm, imene ndi yofanana ndi kamera yaikulu ya mafoni ambiri. Imafunanso tripod, choimikapo kamera cha miyendo itatu, chifukwa m'nyumba zogwirira ntchito mumakhala mdima pamene inu mukufuna kuti zakutsogolo ndi zakumbuyo zonse zioneke bwino. Koposa zonse imafuna nthawi yosuntha zinthu. Yambani mwakonza malo munthuyo asanakhalepo. Chotsani ndowa, botolo, kalendala yopendekeka. Siyani zinthu ziwiri kapena zitatu zonena ntchito yake. Mukatero muikeni pamene mizere ya tebulo, ya khomo kapena ya denga ikulozera, ndipo onetsetsani kuti palibe mzati womera pamutu pake. Amene amalephera njira iyi amalepherera pa kuchuluka kwa katundu, moti diso limasowa potera.

Newman anasiyanso chenjezo. Mu 1963 anatumidwa kukajambula Alfried Krupp, mwini mafakitale wa ku Germany amene khothi la ku Nuremberg linamupeza wolakwa pogwiritsa ntchito anthu ngati akapolo pa nthawi ya nkhondo. Newman, yemwe anali Myuda, anamukhazika m'fakitale yake ku Essen, n'kuika nyali mbali zonse ziwiri kuti pakati pa nkhope pakhale mdima, zala zitapingasa pansi pa chibwano. Munthuyo anatuluka ngati chiwanda, ndipo Newman anachita dala. Nyali ziwiri zofanana m'mbali, kapena imodzi yochokera pansi, zingamuchite zomwezo mayi wosalakwa wogulitsa tomato ngati simukudziwa chimene mukuchita.

Seydou Keïta ndi Malick Sidibé: kasitomala ndiye mwini chithunzi

Pa onse amene ndawatchula, Keïta yekha ndi amene ankakhala moyo wofanana ndi wa wojambula wa pa tauni wamasiku ano. Anaphunzira ukalipentala kwa bambo ake, analandira kamera ya Kodak Brownie kuchokera kwa malume ake mu 1935, ndipo mu 1948 anatsegula situdiyo ku Bamako, m'dziko limene lero ndi Mali. Anthu ankabwera okha, kulipira okha, n'kutenga chithunzi kupita nacho kwawo kapena kutumizira achibale. Filimu inali yodula, choncho kawirikawiri munthu mmodzi ankamujambula kamodzi kokha, pa negetivu ya masentimita 13 ndi 18. Ankakonda kuwala kwa masana, pabwalo la nyumba yake. Anagwira ntchitoyi mpaka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, pamene boma latsopano linamutenga kuti akhale wojambula wake. Anthu a ku Ulaya ndi America anadzamudziwa mochedwa: zithunzi zake zinaonetsedwa ku New York mu 1991 popanda dzina lake, ndipo m'pamene anthu anayamba kufufuza mwini wake.

Chimene aliyense amachiona koyamba ndi nsalu. Mayi wavala diresi lamaluwamaluwa, kumbuyo kwake kuli nsalu ina yamaluwa, nthawi zina pansinso pali ina. Nsalu yake yoyamba yakumbuyo inali chofunda cha pabedi pake. Kwa ife amene chitenje chili m'nyumba iliyonse, palibe njira yotsika mtengo kuposa iyi, komatu pali msampha. Zithunzi za Keïta n'zakuda ndi zoyera, choncho nsalu ziwiri sizinkalimbana mitundu, zinkangosiyana kukula kwa maluwa. Ndipo pakati pa zokongoletsa zonsezo, nkhope ndi manja ndiwo malo okhawo osalala, n'chifukwa chake diso limathamangira pomwepo. Mukajambula zamitundu, sankhani chitenje chakumbuyo chokhala ndi mtundu umodzi wopezekanso pa chovala cha munthuyo, ndipo maluwa ake akhale aakulu kapena aang'ono kuposa a chovalacho, asafanane. Chisiteni, chikungeni bwino, ndipo chipachikeni pakhonde kapena pamthunzi wa nyumba, osati pansi pa mtengo pamene dzuwa limadontha mawangamawanga pankhope.

Chachiwiri ndi kaimidwe. Keïta ankatembenuza thupi la munthu chammbali pang'ono, nkhope n'kubwerera ku kamera. Ankakonza kagonedwe ka diresi, malo a chala chilichonse, kapendekedwe ka duku. Amayi ena ankawagoneka chammbali, chigongono chili pansi, nsalu itayalika ngati mtsinje. Zonsezi zinali ndi cholinga chimodzi, choti munthu achoke akudziona wokongola kuposa mmene anabwerera.

Chachitatu ndi chimene otsanzira ambiri amachiphonya. M'situdiyo mwake munali wailesi, wotchi, zolembera, magalasi, njinga, njinga yamoto ya Vespa, ngakhale galimoto yake, zoti makasitomala asankhe kujambulitsa nazo. Lero anthu amakasaka wailesi yakale kuti chithunzi chioneke chamakedzana. Komatu nthawi imeneyo wailesiyo sinali yakale. Inali chinthu chatsopano chimene mnyamata wa ku Bamako ankalakalaka, ndipo pojambulitsa nayo ankauza abale ake kumudzi za munthu amene akufuna kudzakhala. Kutsanzira Keïta moona ndi kumufunsa kasitomala wanu chimene amanyadira lero. Mwina ndi njinga yamoto imene wamaliza kulipira ngongole yake, makina osokera, gauni ya pa tsiku lomaliza maphunziro, yunifolomu ya kwaya kapena ya chigwirizano cha amayi. Chimenecho ndicho chilowe m'chithunzi.

Malick Sidibé, wa mumzinda womwewo koma wocheperapo msinkhu, anatulutsa kamera m'situdiyo n'kupita nayo kumene achinyamata ankavina usiku m'zaka za m'ma 1960, Mali itangolandira ufulu. Ankagwiritsa ntchito kamera yaing'ono ndi fulashi yolunjika. Chithunzi chake chodziwika cha mu 1963, cha mnyamata ndi mtsikana akuvina mitu itagundana, mtsikanayo ali wopanda nsapato, chinatheka chifukwa ovinawo ankamudziwa ndipo sankamuonanso ngati mlendo. Mu 2007 analandira mphoto ya Golden Lion pa chionetsero chachikulu cha zaluso cha Venice Biennale ku Italy, woyamba mwa ojambula zithunzi kuilandira pa ntchito ya moyo wake wonse. Kwa ojambula maukwati ndi zinkhoswe, phunziro lake n'lachidule: fulashi yolunjika si tchimo, bola muyandikire, mulowe m'bwalo momwemo, ndipo mudikire pamene nyimbo yawagwira anthu. Mukaima patali n'kukoka ndi zoom, mupeza misana ndi maso ofiira.

Ena amene mudzawamve akutchulidwa

Annie Leibovitz, amene anajambula Mfumukazi Elizabeth II mu 2007, ndi amene achinyamata ambiri amamusirira. Kaunikidwe kake mungakaphunzire: nyali imodzi yaikulu yofewa pafupi ndi munthu, kumbuyo kuderako pang'ono. Koma chimene mumachiona m'zithunzi zake ndi ntchito ya gulu lonse, osoka zovala, okonza malo, odzoza nkhope ndi okonza pakompyuta. Mutu umodzi susenza denga limenelo, ndipo kuyesa nokha kumangobala zithunzi zopakidwa mitundu yambiri popanda nkhani.

Platon, amene anajambula Vladimir Putin pachikuto cha magazini ya Time mu 2007, amayandikira kwambiri, nthawi zina kuchokera pansi ndi lenzi yotambasula, moti manja ndi mawondo zimakula. Zimapereka mphamvu kwa wandale kapena woimba, koma kuyandikira kumakulitsa mphuno ndi mphumi, ndipo mkwatibwi sangakukhululukireni. Martin Schoeller amajambula aliyense mofanana, nkhope yodzaza chithunzi chonse, nyali ziwiri zazitali zikuoneka m'maso ngati timizere. Chithunzi chimodzi chotere sichinena zambiri, mphamvu yake imabwera mukandandalika nkhope makumi awiri pamodzi.

Zanele Muholi wa ku Umlazi, ku Durban, amadzijambula okha mu ntchito yotchedwa Somnyama Ngonyama, atadetsa khungu lawo kwambiri pokonza chithunzi, atavala zinthu za m'nyumba monga mapegi oyanikira zovala ndi zokwechera mapoto. Ambiri ayamba kutengera maonekedwe amenewa. Dziwani kuti mapegiwo akunena za mayi awo, Bester, amene anagwira ntchito ya m'nyumba za azungu kwa zaka zambiri. Mukaveka mtsikana mapegi kumutu chifukwa choti zikuoneka bwino, mwatenga chovala cha maliro a eni n'kupita nacho kudansi. Chotengera kwa Muholi ndi kulimba mtima kosayeretsa khungu, ndi kufunafuna zinthu za m'mbiri ya kwanu.

Ndiye muyambire pati?

Ngati muli ndi foni yokha kapena kamera yopanda nyali, yambani ndi zenera la Penn ndipo mukhalepo mpaka mutayamba kuona kuwala musanatulutse kamera m'chikwama. Pafoni, pojambula nkhope yokha, bwererani m'mbuyo masitepe awiri n'kugwiritsa ntchito 2x kuti nkhope isafufume. Mukazolowera, pachikani chitenje kuti muphunzire kwa Keïta kakonzedwe ka thupi ndi kalankhulidwe ndi kasitomala, pakuti njira ziwirizi zimagwiritsa ntchito kuwala kofanana ndipo ndi zimene zingakubweretsereni ndalama msanga. Newman abwere mukapatsidwa ntchito yofotokoza za munthu ndi zochita zake. Nyali za Karsh mugule pokhapokha mutafika podziwa chimene zenera likukukanizani. Avedon musungireni ntchito yanuyanu, ya anthu amene mwakhala nawo nthawi yokwanira moti angakuloleni kuwaona asakumwetulira.

Njira yachangu yodziwira imene ikugwirizana ndi mtima wanu ndi kupempha munthu mmodzi woleza mtima, mlongo wanu kapena mnzanu wa kuntchito, kuti mumujambule masana amodzi m'njira zitatu: pazenera, patsogolo pa chitenje, ndi pakhoma loyera. Asasinthe zovala. Zithunzi zitatuzo mukazitsukitse papepala, chifukwa pagalasi la foni chilichonse chimawala ndipo simungaone ngati khungu ladetsedwa mopitirira. Kenako mumufunse mwini nkhopeyo chimene angapachike pabalaza, inunso musankhe chanu musanamve yankho lake. Mukasankha chimodzimodzi, ntchito ya situdiyo ikuyenerani. Mukasiyana, ndipo mukuona kuti simungagonje, yambani kuganizira za ntchito yanuyanu yoti mudzaionetse, ndipo ya makasitomala muziigwira padera.